Tifunseni za Mpira: Persib Bandung ndi Khwimbi Lake Lovala Buluu

Makalata amene tayankha mwezi uno akukhudza timu imodzi ya ku Indonesia, Persib Bandung, yomwe awerengi ambiri akuti akhala akuyiona pa Facebook ndi pa YouTube chifukwa cha unyinji wa anthu oichemerera. Mafunso ofanana tawaphatikiza, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: Akonzi, ine ndimachemerera Chelsea kuyambira kale, ndipo ndidamva kuti Michael Essien atachoka ku Ulaya adakasewera ku Indonesia. Kodi nzoona, nanga timu imene idamutengayo ndi ya msinkhu wanji? *Wowerenga wa ku Zomba*

Yankho: Nzoona ndithu, bambo. Essien adasaina mgwirizano ndi Persib Bandung m'mwezi wa Malichi chaka cha 2017, ndipo patangopita masiku ochepa timuyi idatenganso Carlton Cole yemwe adatchuka ku West Ham. Cole sadakhalitse chifukwa zinthu sizidamuyendere, pomwe Essien adasewera ligi ya chaka chimenecho mpaka kumapeto, ngakhale timuyo idamaliza pa nambala 13, zomwe zidakhumudwitsa kwambiri oichemerera poona ndalama zomwe zidalowa.

Za msinkhu wake, tiyambe ndi kumene ili. Bandung ndi likulu la chigawo cha West Java, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Jakarta, ndipo ndi mzinda wa kumapiri kumene kumazizirako poyerekeza ndi madera a m'mphepete mwa nyanja. Amene adaphunzira mbiri ya dziko lapansi akukumbukira kuti kumeneku ndi kumene kudachitikira msonkhano wa atsogoleri a maiko a mu Africa ndi Asia m'chaka cha 1955. Chigawo cha West Java chokha chili ndi anthu pafupifupi 50 miliyoni, kuposa kuwirikiza kawiri chiwerengero cha anthu a m'Malawi muno, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Asunda, amene ali ndi chinenero chawochawo. Kwa anthu amenewa Persib ndi timu ya mtundu wonse, osati ya mzinda wa Bandung wokha, ndipo mfundo imeneyi ndiyo ikufotokoza zambiri zomwe tiyankhe m'munsimu, zabwino ndi zoipa zomwe. Timuyi imavala yunifomu ya buluu ndipo imadziwikanso ndi dzina loti Maung Bandung, lomwe limaitchula ngati nyalugwe wa mumzindawo.

Funso: Pena ndawerenga kuti Persib idakhazikitsidwa mu 1933, pena akuti 1919. Timu imodzi ingabadwe bwanji kawiri? *Mphunzitsi wa sukulu ya sekondale, Kasungu*

Yankho: Aphunzitsi, mwafunsa funso lomwe ngakhale eni ake ku Bandung adakanganapo. Kwa zaka zambiri tsiku lodziwika lidali 14 Malichi 1933, pomwe mabungwe awiri a mpira a eni nthaka mumzindawo adaphatikizana ndi kutenga dzina loti Persatuan Sepakbola Indonesia Bandung, lomwe mwachidule ndi Persib. Chaka cha 1933 chimenechi chidalembedwa pa chizindikiro cha timuyi, pa malaya ndi pa mbendera za oichemerera osawerengeka. Koma m'mwezi wa Disembala chaka cha 2023, akuluakulu a timuyi adalengeza kuti, potsatira kafukufuku yemwe adachita akatswiri a mbiri a ku Universitas Padjadjaran, tsiku lovomerezeka likhala 5 Januwale 1919, pomwe magulu a mpira a eni nthaka ku Bandung adayamba kugwirizana pansi pa bungwe limodzi. Ochemerera ambiri sadakondwe nazo, ndipo mpaka lero alipo amene amakondwererabe mwezi wa Malichi.

Mkanganowu umamveka bwino tikakumbukira kuti pa nthawiyo dzikolo linkalamulidwa ndi Adatchi, ndipo mpira udali wogawikana potengera khungu. Azungu adali ndi bungwe lawo ndi mabwalo abwino a pakati pa mzinda, pomwe eni nthaka ankasewera kunja, m'malo ngati Tegallega. Bungwe la eni nthaka la ku Bandung, lomwe linkadziwika ndi chidule choti BIVB, lidali limodzi mwa mabungwe asanu ndi awiri omwe adakumana ku Yogyakarta pa 19 Epulo 1930 ndi kukhazikitsa PSSI, bungwe lomwe likuyendetsa mpira m'dzikolo mpaka lero. Apa ndiye pali vuto lomwe ofufuzawo adafuna kulithetsa, chifukwa ngati Persib imadzitcha mmodzi mwa oyambitsa PSSI mu 1930, sizingatheke kuti idabadwa patatha zaka zitatu. Ife tikuona kuti masiku onse awiriwa ali ndi choonadi chake: mpira wa eni nthaka mumzindawo udayamba kale, koma dzina lomwe anthu amalikonda lidadza pambuyo. Choti musaiwale nchoti kukhazikitsa bungwe lokhala ndi mawu oti "Indonesia" m'dzina lake, zaka 15 dzikolo lisadalengeze ufulu wake mu 1945, kudali kulankhula ndale kudzera mu mpira.

Funso: Timu imadziwika ndi zikho. Kodi Persib yapambana chiyani chenicheni kuti anthu aziikweza chotere? *Wowerenga wa ku Ndirande, Blantyre*

Yankho: Kuti tiwerenge bwino tiyenera kugawa mbiriyi pawiri. Kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka 1994, mpikisano waukulu wa matimu a m'mizinda unkatchedwa Perserikatan, ndipo osewera ake sadali olembedwa ntchito ya mpira mmene tikudziwira lero. Persib idapambana mpikisanowu kasanu: mu 1937, 1961, 1986, 1990 ndi 1994. Pakati pa 1961 ndi 1986 padadutsa zaka 25 za chilala, ndipo mkati mwa nyengo imeneyi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, timuyi idafika potsika m'gulu la matimu akuluakulu. Chomwe chidaidzutsa ndi ntchito yosula achinyamata a m'deralo, yomwe mphunzitsi wa ku Poland, Marek Janota, amakumbukiridwa nayo, ndipo m'badwo umenewu ndi womwe udatulutsa maina ngati Robby Darwis, Adjat Sudrajat ndi Djadjang Nurdjaman. Anyamatawa adafika mu ndime yotsiriza mu 1983 ndi mu 1985, koma ulendo wonse uwiri adagonja pa mapenate kwa PSMS ya ku Medan. Masewero a 1985 pa bwalo la Senayan ku Jakarta amatchulidwabe chifukwa cha khamu lomwe lidadzaza mpaka m'mphepete mwa bwalo losewerera, lomwe ambiri amati lidafika 150,000. Chaka chotsatira, 1986, chilala chidatha pomwe Persib idagonjetsa Perseman Manokwari ndi chigoli chimodzi chomwe adamwetsa Djadjang Nurdjaman.

Mu 1994 akuluakulu a mpira adaphatikiza Perserikatan ndi ligi ina yotchedwa Galatama, ya matimu a makampani, ndi kupanga ligi imodzi ya dziko lonse. Matimu ena adathamangira kugula osewera akunja, koma Persib, pansi pa mphunzitsi Indra Thohir, idalowa mu ligiyo ndi osewera a m'dzikolo okhaokha, ambiri mwa iwo ana a ku West Java konko, ndipo pa 30 Julayi 1995 idagonjetsa Petrokimia Putra 1-0 mu ndime yotsiriza, chigoli cha Sutiono Lamso. Mwa zikho zonse, chimenechi nchomwe akuluakulu a ku Bandung amachinyadira kwambiri, ndipo chifukwa chake nchodziwikiratu: amene adapambana adali ana awo.

Kenaka kudadza chilala china cha zaka 19. Mu 2003 timuyi idasiya mwambo wake ndi kuyamba kutenga osewera akunja, koma chaka chomwecho idatsala pang'ono kutuluka mu ligi, ndipo idapulumuka kudzera m'masewero apadera opikisanirana malo. Aphunzitsi adabwera ndi kupita, osewera odula adagulidwa, koma chikho osaoneka, kufikira pa 7 Novembala 2014 ku Palembang, pomwe Persib idalepherana 2-2 ndi Persipura Jayapura ndi kupambana 5-3 pa mapenate. Mphunzitsi wake tsiku limenelo adali Djadjang Nurdjaman yemwe uja adamwetsa chigoli cha 1986, ndipo pakati pa bwalo padali Makan Konaté wa ku Mali, mmodzi mwa osewera a mu Africa amene adakondedwa kwambiri ku Bandung. Chaka chotsatira timuyi idatenganso chikho cha Piala Presiden itagonjetsa Sriwijaya 2-0.

Kenaka kudadza nyengo ya Bojan Hodak wa ku Croatia, yemwe adatenga timuyi mu 2023 ligi itangoyamba, pomwe zinthu zinkaoneka zosalongosoka mphunzitsi Luis Milla atachoka. Kumapeto kwa ligiyo, mu Meyi 2024, Persib idathambitsa Madura United 6-1 pophatikiza masewero awiri a ndime yotsiriza, ndipo womwetsa zigoli wake wa ku Brazil, David da Silva, ndiye adatsogola pa omwetsa zigoli onse. Mu 2025 idatetezanso ukatswiriwo. Choncho, bambo a ku Ndirande, pofika 2025 chiwerengero chidali ukatswiri wa dziko kasanu ndi kanayi. Komabe tinene mosabisa kuti pa zaka zoposa 90 chiwerengerochi sichodabwitsa kwenikweni, ndipo kutchuka kwa timuyi sikudachokere pa zikho zokha, chifukwa m'zaka za chilala zija mabwalo ankadzazabe.

Funso: Ndimaona mawu oti Bobotoh ndi Viking pa makanema a timuyi. Kodi amenewa ndi ndani, ndipo timuyi ndi yawo monga mmene kale Bullets ndi Wanderers zinkatchedwa matimu a anthu? *Mayi wa ku Area 25, Lilongwe*

Yankho: Mayi, Bobotoh ndi dzina la aliyense wochemerera Persib, kaya ali ndi khadi la umembala kaya alibe, ndipo ndi mawu a Chisunda onena za munthu wolimbikitsa mnzake pa mpikisano. Viking Persib Club ndi limodzi mwa magulu okhazikika mkati mwa Bobotoh, lomwe lidayamba pa 17 Julayi 1993 ndipo lili ndi nthambi m'maboma ambiri a West Java komanso kunja kwa chigawocho. Palinso gulu lotchedwa Bomber ndi ena ang'onoang'ono, ndipo lililonse limakhala ndi mbali yake m'bwalo. Iwowa ndi amene amakonza nyimbo, ng'oma, mbendera zikuluzikulu ndi zithunzi zopangidwa ndi mapepala amitundumitundu zomwe mumaziona pa makanemapo, komanso amalemba mabasi ndi kusonkha ndalama za maulendo. Timu ikapambana chikho, misewu ya Bandung imatsekeka ndi njinga zamoto tsiku lonse, ndipo ikamachita zosakomera anthu, magulu omwewa amapita ku ofesi kapena kumalo okonzekera masewero kukafuna kuti mphunzitsi achotsedwe.

Pa nkhani ya umwini, kufananitsa kwanu kuli ndi nzeru. Kwa zaka zambiri matimu a m'mizinda ku Indonesia, Persib yomwe, ankadalira ndalama zochokera ku thumba la boma la mzinda, ndipo nthawi zambiri meya ndiye ankakhala mkulu wa timu. Boma la dzikolo litaletsa kugwiritsa ntchito ndalama za misonkho pa matimu olipira osewera, matimu adakakamizika kusanduka makampani, ndipo cha m'ma 2009 Persib idayamba kuyendetsedwa ndi kampani yotchedwa PT Persib Bandung Bermartabat. Matimu ambiri adavutika kwambiri ndi kusinthaku, ena mpaka kulephera kulipira osewera kwa miyezi, koma Persib idapirira chifukwa makampani amalonda amalimbirana kuika maina awo pa yunifomu yomwe anthu mamiliyoni amaiona. Amene adaonapo yunifomuyo akudziwa kuti siikhala ndi malo otsala. Choncho pa lamulo timuyi ndi ya eni masheya, koma chomwe eni masheyawo akugulitsa ndi chikondi cha Bobotoh, ndipo mbali ziwirizi zimakokanakokana kawirikawiri pa mitengo ya matikiti ndi njira yogulira matikitiwo pa intaneti, yomwe ena amati ikutsekera kunja anthu osauka amene adaichemerera timuyi kuyambira kale.

Funso: Mwana wanga amandionetsa makanema a ochemerera a ku Indonesia ndipo amasirira, koma ine ndidamva kuti kumeneko anthu amafera ku mpira. Kodi zimenezi zikukhudzanso timu imeneyi? *Kholo la ku Mangochi*

Yankho: Zikuikhudza, ndipo sitingachite bwino kukubisirani. Mdani wamkulu wa Persib ndi Persija Jakarta, yomwe oichemerera ake amatchedwa Jakmania, gulu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1997. Matimu awiriwa akhala akupikisana kuyambira nthawi ya atsamunda, koma udani woopsa pakati pa Viking ndi Jakmania udakula chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo udafika poti osewera ankapita ku bwalo atakwera galimoto zankhondo za apolisi poopa kugendedwa. Mu 2012 anthu adaphedwa pafupi ndi bwalo la ku Jakarta pa tsiku la masewero a matimuwa, mmodzi mwa iwo wochemerera Persib. Mu 2017 mnyamata wina wa Persib adamwalira atamenyedwa ndi anzake a timu yomweyo amene adamuganizira kuti ndi wa Persija. Pa 23 Sepitembala 2018, mnyamata wa zaka 23 wochemerera Persija adamenyedwa mpaka kufa kunja kwa bwalo ku Bandung masewero asadayambe, ndipo chifukwa choti ena adajambula zonsezo pa foni, dziko lonse lidaona. Ligi idaimitsidwa kwa kanthawi, ena mwa omwe adachita nawo chiwembucho adamangidwa ndi kuweruzidwa, ndipo Persib idalamulidwa kusewera masewero ake apakhomo kunja kwa chilumba cha Java popanda oonerera. Pa nthawiyo timuyi inkatsogola pa ligi, koma idamaliza pa nambala 4, ndipo chikho chidapita kwa Persija.

Imfa zina sizidabwere chifukwa cha ndewu koma kusakonzekera. Mu Juni 2022 ochemerera Persib awiri adamwalira pothinana pa zipata za bwalo la Gelora Bandung Lautan Api, pomwe anthu ochuluka kuposa matikiti adafuna kulowa kukaonera masewero ndi Persebaya. Patangopita miyezi yosakwana inayi, pa 1 Okutobala 2022, kudachitika ngozi ya pa bwalo la Kanjuruhan ku Malang, yomwe mwina ndi imene mudamva. Kumeneko Persib sidalipo, adali masewero a Arema ndi Persebaya, koma apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi m'malo okhala oonerera, anthu adathamangira ku zipata zopapatiza ndipo 135 adafa, ena mwa iwo ana. Malamulo a FIFA amaletsa utsi umenewu m'mabwalo a mpira. Pambuyo pa ngoziyi magulu ambiri odana, kuphatikizapo a Bandung ndi a Jakarta, adachita mapemphero ndi kulankhula za mtendere, ndipo kuyambira 2023 bungwe la mpira lidaletsa ochemerera timu ya alendo kupita ku masewero a ligi.

Maganizo athu ndi akuti sichilungamo kunena kuti Bobotoh onse ndi achiwawa, popeza unyinji wawo ndi mabanja, ophunzira ndi anthu ogwira ntchito amene amangofuna kuonera mpira. Komanso sichilungamo kunena kuti opha anzawowo ndi alendo ongolowerera, monga atsogoleri a magulu amakonda kunenera, chifukwa nyimbo zonyoza ndi zoopseza adani zinkaimbidwa ndi bwalo lonse kwa zaka zambiri aliyense akumva. Pamene timu yasanduka chizindikiro cha mtundu ndi dera, wovala malaya a timu ina amaoneka ngati wonyoza mtunduwo. Mwana wanuyo muuzeni mbali zonse ziwiri, pakuti makanema amene amafala kwambiri amaonetsa mbendera ndi nyimbo zokha.

Funso: Dzina la bwalo lawo ndi lalitali kwambiri. Lidachokera kuti? *Wophunzira wa ku Mzuzu*

Yankho: Gelora Bandung Lautan Api, lomwe ambiri amangolitcha GBLA, lili ku Gedebage chakum'mawa kwa mzindawo ndipo limalowa anthu pafupifupi 38,000. Dzinali limakumbutsa zomwe zidachitika m'mwezi wa Malichi 1946, pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, pomwe asilikali a Britain adalamula omenyera ufulu kuti achoke kumwera kwa mzindawo, ndipo anthu adasankha kutentha nyumba zawo pochoka kuti adani asapeze pokhala, mzinda nkusanduka nyanja ya moto, lomwe ndi tanthauzo la mawu oti Lautan Api. Bwaloli lisadamangidwe timuyi inkasewera pa Siliwangi, bwalo la asilikali pakati pa mzinda, komanso pa Si Jalak Harupat ku Soreang, lomwe imaligwiritsabe ntchito nthawi zina.

Funso: Ngati timuyi ili ndi anthu ndi ndalama chotere, bwanji sitimva kuti yapambana chikho cha Asia, monga mmene Al Ahly kapena Mamelodi Sundowns zimachitira kuno ku Africa? *Wowerenga wa ku Johannesburg*

Yankho: Apa ndiye pofooka pake, achimwene. Kutali kwambiri komwe Persib idafika mu mpikisano waukulu wa matimu a ku Asia ndi mu nyengo ya 1994 mpaka 1995, pomwe idalowa m'gulu la matimu asanu ndi atatu otsiriza koma idagonja kwa matimu a ku Japan, South Korea ndi Thailand. Mu 2015 idatuluka mu AFC Cup pa ndime ya matimu 16 itagonja kwa Kitchee ya ku Hong Kong, ndipo mu 2024 idalephera kudutsa ndime ya magulu mu AFC Champions League Two, mpikisano wachiwiri wa matimu a ku Asia.

Zifukwa zake zambiri sizili mu timuyi yokha koma m'kayendetsedwe ka mpira wa dzikolo. Cha m'ma 2011 mpaka 2013 kudali ligi ziwiri zopikisana chifukwa cha kugawikana kwa akuluakulu a mpira, ndipo mu Meyi 2015 FIFA idaimitsa Indonesia kwa pafupifupi chaka chathunthu boma litalowerera nkhani za PSSI, zomwe zidachititsa kuti ligi ya chaka chimenecho ithere panjira, pomwe Persib idali itangotenga kumene ukatswiri. Ligi ya 2020 idathetsedwa ndi mliri wa Covid-19, ndipo ya 2022 idaima kwa miyezi iwiri chifukwa cha ngozi ya Kanjuruhan. Onjezerani apo milandu yogulitsa masewero yomwe idachititsa apolisi kukhazikitsa gulu lapadera lofufuza mu 2018, ndi maulendo ataliatali a pandege m'dziko la zilumba zoposa 17,000. Bungwe la mpira la Asia limagawa malo m'mipikisano yake potengera mmene matimu a dziko lililonse akhala akuchitira m'zaka zapitazo, choncho chaka chilichonse chomwe Indonesia idataya chidatsitsa mapointi ake, ndipo nchifukwa chake katswiri wa dziko la anthu oposa 270 miliyoni adapezeka akusewera mu mpikisano wachiwiri wa Asia m'malo mwa woyamba, umene muli akatswiri a ku Saudi Arabia, Japan ndi South Korea.